Kwa achemwali amene mwangofika kumene ku Glasgow

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munafika mu Okutobala, mukugwira ntchito yosamalira okalamba mashifiti a maola 12, ndipo tsiku lopuma likafika mumangodzitsekera kuchipinda, kugona, kuimba foni kumudzi, kenako misozi. Mukufunsa kuti anzanufe timatani pa wikendi, komanso ngati kuli koti munthu n'kupitako osawononga ndalama zambiri. Mwachita bwino kulankhula. Ine ndili kuno chaka chachinayi, ntchito yake yomweyo, ndipo zimene mwalembazi ndinadutsamo.

Choyamba, mwafika nthawi yovuta kuposa zonse pachaka. Mu Disembala dzuwa kuno limatuluka 9 koloko itatsala pang'ono, pofika 4 koloko masana kwada kale. Munthu umapita kuntchito kuli mdima, kuweruka kuli mdima. Thupi lozolowera dzuwa lakwathu limafooka, mtima nawo umalemera. Musadzione ngati ndinu wofooka ayi. A zaumoyo kuno amalangiza kuti anthu azimwa vitamin D, mamaikulogalamu 10 patsiku, m'miyezi yamdimayi, ndipo ife akhungu lakuda amati tizimwa chaka chonse. Amagulitsa motchipa m'masitolo ngakhale a zakudya. Koma kukhumudwako kukapitirira, mpaka tulo kapena chakudya osalowa, kalembetseni kwa GP, yemwe ndi dokotala wa dera lanu, mukamuuze mmene mukumvera. Kuonana naye simulipira, ndipo kuno ku Scotland mankhwala amene dokotala wakulemberani ndi aulere.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi lamulo limene ndinadziikira ndekha: tsiku limodzi mwa masiku anga opuma ndiyenera kutuluka m'nyumba, kugwe mvula, kuzizire, ndikhale ndi mnzanga kapena ndili ndekha. Mukamadikira kuti kunja kuche bwino mudzadikira mpaka Meyi. Gulani jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa chake, ndi nsapato zolimba. Ambulera musavutike nayo, mphepo ya kuno imaitembenuza tsiku lomwelo. Jekete yanga ndinaipeza m'sitolo ya zachifundo, ija amagulitsamo zovala zimene anthu apereka, kaunjika wakunoko, ndipo ndikuivalabe.

Malo oyamba amene ndikufuna mupite ndi ku Blantyre. Inde, Blantyre weniweni amene mzinda wathu unatengerako dzina mu 1876, pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni yawo kwathu. Mukwera sitima pa Glasgow Central, pa mapulatifomu apansi, ndipo ndi ulendo wa mphindi 20 zokha. Tsiku limene ndinapitako ndinaima pansi pa chikwangwani cha pasiteshoni nthawi yaitali, kungoyang'ana dzinalo. Ndinapempha mayi wina wodutsa kuti andijambule, chithunzicho n'kutumizira amayi anga ku Ndirande. Anachionetsa mpingo wonse.

Kuchoka pasiteshoni mumatsetsereka wapansi kulowera kumtsinje wa Clyde, n'kufika pa nyumba yoyera yosanja yotchedwa Shuttle Row. M'menemo ndi mmene David Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813. Kusukulu anatiphunzitsa za iye ngati bwana wamkulu, koma mukalowa m'chipindacho mudzangoti kakasi. Ndi chipinda chimodzi, mabedi olowa kukhoma, pophikira pomwepo, banja lonse mommo. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito pafakitale ya thonje yomwe inali pafupi, kulowa 6 koloko m'mawa, kutuluka 8 koloko usiku, akatero n'kupita kukaphunzira. Ine, mayi woimirira maola 12 pantchito, ndinaima m'chipindamo ndikumva miyendo ya mwana ameneyo. Malowa anawakonzanso n'kuwatsegula mu 2021, ndipo tsopano akufotokoza bwino za anthu akuda amene ankayenda naye, monga Susi ndi Chuma, amene ananyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873 mpaka kukafika kugombe la nyanja yamchere. Chuma anali Myao amene anapulumutsidwa m'manja mwa ogwira akapolo ali mnyamata. Zinandikhudza kuona kuti munthu wakwathu akutchulidwa dzina lake kuno. Polowa m'nyumbamo pali kulipira, koma panja, m'munda ndi m'mbali mwa mtsinje, mumayenda mwaulere.

Mumzinda wa Glasgow momwemuno zaulere ndi zambiri, ndipo zambiri ndi zam'nyumba motentha, zomwe ndi zofunika nyengo ino. Kelvingrove ndi chinyumba chofiira chachikulu chosungiramo zinthu zakale ndi zojambulajambula, chinatsegulidwa mu 1901. Muli njovu, muli ndege yankhondo yolendewera kudenga, ndipo masana amaimba limba lalikulu, anthu n'kumangokhala pamipando kumvetsera. Riverside Museum ili m'mbali mwa Clyde, yodzaza ndi magalimoto, sitima ndi mabasi akale. Kumwera kwa mzinda kuli Pollok Country Park, komwe mudzaona ng'ombe zaubweya wautali wophimba m'maso, nyanga ngati mikono, ndipo m'paki momwemo muli Burrell Collection, nayonso yaulere. Koma kumene ndimathawira mtima ukapukwa kwathu ndi ku Botanic Gardens, kumadzulo kwa mzinda. Kuli nyumba zagalasi zotentha mkati, momera mitengo ya kumaiko otentha. Tsiku lina mu Januwale, kunja kuli chisanu, ndinalowamo n'kupeza tsinde la nthochi. Ndinavula jekete, n'kukhala pabenchi pafupifupi ola lathunthu ndikupuma fungo la dothi lonyowa. Ndinatulukamo ndili munthu wina. Ku Kelvingrove ndi ku Botanic Gardens mumakafika mosavuta pa Subway, kasitima kapansi panthaka kamene kamangozungulira masiteshoni 15, kotero simungasochere: mukapitirira, kadzakubwezani pomwe munakwerera.

Ku Edinburgh pitaniko tsiku lina. Pasitima kuchokera pa Queen Street ndi mphindi pafupifupi 50, koma basi ya nambala 900 yonyamukira pa Buchanan Bus Station ndi yotchipirapo ngakhale imachedwa. Ku Castle, nyumba yakale yachifumu ya mumzindawo, amalipiritsa zambiri, ine ndinangoionera panja ndipo zinandikwanira. National Museum of Scotland ndi yaulere, ndi mmene muli Dolly, nkhosa imene asayansi anaipanga kuchokera ku selo ya nkhosa ina. Ngati miyendo ili bwino kwerani Arthur's Seat, kaphiri ka mamita 251 pakati pa mzinda. Kwa munthu amene anakwerapo Mulanje kapena Zomba ndi chulu chabe, koma pamwamba pake mumaona mzinda wonse ndi nyanja. Mukamayenda m'misewu ya kumeneko kumbukirani kuti Kamuzu anaphunzira zaudokotala mumzinda umenewu.

Masiku akayamba kutalika, cha mu Epulo kupita m'tsogolo, ndiye muyambe zakunja kwa mzinda. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, munthu ukaweruka umakhalabe ndi tsiku m'manja. Sitima ya ku Balloch imakufikitsani pa Loch Lomond pasanathe ola limodzi. Musapite mukuyembekezera Nyanja ya Malawi, iyi ndi yaing'ono ndipo madzi ake ndi ozizira koopsa ngakhale kunja kutatentha. Chonde musadumphiremo, anthu amamira chifukwa thupi limachita dzanzi mwadzidzidzi. Ulendo umene ndimaukonda kuposa onse ndi wa ku Largs: sitima ola limodzi kuchokera pa Central, kenako boti la mphindi 10 kuwolokera pa chilumba cha Cumbrae. Ku Millport, tauni ya pachilumbapo, amabwereketsa njinga, ndipo mumazungulira chilumba chonse, makilomita pafupifupi 16, msewu wake wopanda zitunda zovuta.

Za ndalama ndikukumvetsani, chifukwa lendi ikudikira, kumudzi nakonso akudikira fizi ndi feteleza. Ine ndimapatula mapaundi ochepa mwezi uliwonse a maulendowa ndisanatumize kwathu, ndipo sindidziimba nawo mlandu. Mukadwala ndi maganizo kuno, a kumudziwo ndi amene adzavutike kwambiri. Nyamulani tiyi mu fulasiki ndi kamba wanu, chifukwa chimene chimadya ndalama paulendo ndi makhofi ndi zakudya zogula. Ngati simunapitirire zaka 30, funsani za Railcard, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti ya sitima. Mukapeza mnzanu woyenda naye nthawi zonse, pali ina yotchedwa Two Together.

Simunatchule za chakudya, koma ndikudziwa kuti nacho chikukusowetsani mtendere. Ufa ulipo m'masitolo a anthu a ku Africa ndi a amwenye, makamaka cha ku Govanhill ndi Pollokshields. Nthawi zambiri umakhala wochokera ku South Africa, nsima yake imagwira bwino. Masamba otchedwa spring greens ndi kale amalowa m'malo mwa mpiru ndi repu, ndipo mukathira chiponde chopanda shuga zimafanana ndithu ndi zotendera. Nsomba ya mackerel ndi yotchipa. Wina akamabwera kuchokera kwathu mumupemphe mthiko ndi chipande, zipangizo za kuno nsima siziitha.

Anthu a kuno poyamba Chingerezi chawo chimavuta kumva, miyezi iwiri yoyamba ndinkangogwedeza mutu. Musachite manyazi kunena kuti abwereze. Ambiri ndi ochezeka, pamalo odikirira basi amayamba okha kukulankhulani za nyengo, ndipo potsika aliyense amathokoza dalaivala. Mukanena kuti ndinu wa ku Malawi mudzadabwa kuchuluka kwa amene akudziwako, ena mpingo wawo kapena sukulu ya ana awo ili paubale ndi ina yakwathu. Mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, yemwe anali mtsogoleri wa boma la Scotland, anasainirana pangano la ubale wa maiko awiriwa. Gogo wina amene ndinkamusamalira, woiwalaiwala kale zinthu zambiri, atamva kumene ndikuchokera anandigwira dzanja n'kunena kuti mchemwali wake anakaphunzitsako ku Livingstonia. Kuyambira tsiku limenelo sankalola kusambitsidwa ndi wina ndikakhala pantchito. Sindikunena kuti onse ndi abwino, amwano alipo, ndipo wina akakunyozani chifukwa cha khungu kuntchito musasunge mumtima, kaneneni kwa akuluakulu ndipo mulembe tsiku ndi zimene ananena.

Loweruka likubwerali ndili pa ofu. Ngati nanunso muli omasuka, ndilembereni ku inbox tikumane pansi pa wotchi yaikulu ya pa Glasgow Central 10 koloko m'mawa, tipite limodzi ku Blantyre. Valani zofunda mokwanira, tiyi ndi mandasi ndibweretsa ine.