Kwa mtsikana wa Giredi 11 amene akufuna kuchita haya kamera ya maukwati

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa Giredi 11 pasukulu ina ya sekondale muno mu Chipata. Iye ndi anzake atatu akufuna kulowa mpikisano wa mafilimu afupiafupi a ana a sukulu. Filimu isapitirire mphindi 5, kwatsala masabata 6, ndipo ali ndi foni imodzi yabwinoko, ya mlongo wake. Funso lake nali: "Kodi tisonkhe ndalama tichite haya kamera kwa ojambula maukwati? Ndi foni chabe sitingapambane ana a ku Lusaka."

Mwana wanga, mawu omalizawo ndiwo andidzutsa kuti ndilembe. Simunajambule ngakhale sekondi imodzi koma mwagonja kale, ndipo mwagonjera chinthu chimene oweruza safunsa n'komwe. Munthu amene wakhala pansi kuonera mafilimu makumimakumi amatopa ndi zinthu ziwiri: sakumva zimene osewera akulankhula, kapena nkhani yaima. Chithunzi chikakhala chofookerako, diso limazolowera posachedwa. Khutu silizolowera. Nanga kamera yahaya ikupatsani chiyani? Mudzakhala nayo tsiku limodzi, mabatani ake simuwadziwa, Loweruka mwini wake ali ku ukwati, ndipo akabwera adzafuna kuigwira yekha chifukwa sangaisiye m'manja mwa ana. Pamenepo filimu yasanduka yake. Mipikisano yambiri ya ana a sukulu imafuna kuti wojambula ndi wodula filimu (wosankha ndi kulumikiza zidutswa zake) akhale ana a sukulu omwewo, ndiye mungataye ndalama ndi mpikisano womwe.

Chimene chandidetsa nkhawa kwenikweni ndi nkhani imene wandifotokozera. Mtsikana wa kumudzi, makolo amwalira, amalume amukwatitsa ali wamng'ono, mwamuna amamumenya, wathawa, wabwerera kusukulu, pomaliza ndi nesi. Zonsezi m'mphindi 5? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zaka khumi ndi zisanu za moyo wa munthu sizilowa m'mphindi 5. Mukakakamiza, mudzayamba kulemba "Patapita zaka zitatu" pa sikirini katatu konse, ndipo woonera sadzakhala ndi mpata womumvera chisoni mtsikanayo. Ukwati wa ana ndi nkhani yeniyeni kuno kwathu, sindikuipeputsa. Koma ngati mukuifunadi, tengani madzulo amodzi: mtsikana akupala moto kukhitchini, akumva akuluakulu panja akukambirana za iye, sakumutchula dzina. Basi.

Pepala limodzi la sikiripiti limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini. Popeza mutu wa filimu ndi mayina a kumapeto nthawi zambiri amawerengedwa m'mphindi zomwezo, lembani masamba anayi, mwina ndi theka. Osewera awiri kapena atatu, malo awiri, tsiku limodzi. Munthu mmodzi akufuna chinthu chimodzi ndipo china chake chikumutsekereza. Tinene kuti zotsatira za mayeso zatuluka, foni yokhayo pakhomo ndi ya agogo, batire latha, magetsi kulibe. Mtsikana akuyenda khomo ndi khomo kufuna potchaja, ndipo paliponse akumufunsa funso limene iye akuliopa. Akafika pamene pali sola, kodi akufunadi kuyatsa foniyo? Osatenga imeneyi, ndangosonyeza kukula kwake. Yanu ili pafupi ndi inu kuposa pamenepa.

Ndipo ndinene mosabisa: mafilimu ambiri a ana a sukulu si mafilimu, ndi masewero a papulatifomu amene wina wangowalozetsa foni. Drama club imaphunzitsa kukweza mawu kuti wa kumbuyo kwa holo amve, kutambasula manja, kugwa pansi polira. Kamera ili pamphuno panu, zonsezo zimaoneka zonama. Wosewera wa mufilimu akamva uthenga wa maliro akhoza kungosiya kusenda mbatata, mpeni uli m'manja, ndipo woonera amva kupweteka. Choipa koposa ndi mphunzitsi kapena mfumu ya musewero yoimirira pamapeto n'kuyamba kulangiza: "Makolo, tiyeni titumize ana kusukulu." Dulani. Ngati filimu yalephera kunena zimenezo yokha, ulaliki wa masekondi 40 suipulumutsa. Ngati yanena kale, mwangonyoza woonera. Aphunzitsi anu a drama mwina sagwirizana nane pamenepa. Awerengereni ndime ino mwaulemu.

Chilankhulo nacho. Agogo a ku Mtenguleni akusinja pamtondo n'kumalankhula Chizungu cha m'buku, palibe amene angakhulupirire. Ngati malamulo a mpikisano salamula Chizungu, osewera alankhule monga amalankhulira kwawo, kaya Chichewa, Chinsenga, Chitumbuka kapena Chinyanja cha m'tauni chosakaniza, inu muike ma subtitle, mawu omasulira olembedwa m'munsi mwa sikirini. Mizere isapose iwiri panthawi imodzi, mzere uliwonse zilembo zosapitirira 42, ndipo mawu akhale pa sikirini nthawi yoti munthu awerenge mosathamanga. Mphunzitsi wa Chizungu awaone musanatumize.

Wina mwa inu anena kuti tiikemo gule kuti filimu ikongole. Gule Wamkulu ndi wodziwika dziko lonse, UNESCO inamulengeza m'chaka cha 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma si chokometsera filimu ayi. Ali ndi eni ake. Kudambwe simupitako ndi foni, ndipo ngakhale pabwalo mumayamba mwapempha kwa amfumu. Nc'wala imachitika mu February ku Mtenguleni, Kulamba mu August ku Mkaika ku Katete. Ngati masabata anu 6 sakugwera pamenepo, musatenge vidiyo ya wina pa Facebook n'kuilowetsa mufilimu yanu. Ndi kuba, ndipo kumachotsetsa anthu mumpikisano.

Mawu

Apa ndi pamene mupambanire kapena kugwa. Maikolofoni ya foni imene ikujambula ili kutali ndi pakamwa pa wosewera, mwina mamita atatu, ndiye imatola tambala, chigayo, wailesi ya aneba ndi malole a pa Great East Road mofanana ndi mawu ake. Pezani foni yachiwiri, ngakhale yosweka galasi, bola ili ndi voice recorder. Ikani m'thumba la pachifuwa la wosewera, kumunsi kwa foni kuloze kumwamba chifukwa maikolofoni imakhala kumeneko. Kapena mnzanu aigwire masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pakamwa, pansi pang'ono pomwe kamera sikuona. Mafoni onse awiri akayamba kujambula, wina anene mokweza kuti "chigawo 2, kachitatu", kenako aombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera. Podula filimu mudzaona kamzere kakatali pa mawu a mafoni onse awiri. Mukalinganiza timizereto, milomo ndi mawu zimayendera limodzi. Mukaiwala kuomba m'manja, mudzataya usiku wonse mukusuntha mawu ndi chala.

Pamalo aliwonse, mukamaliza, aliyense akhale chete mujambule mphindi imodzi ya phokoso la malowo lokha. Limenelo mudzaliyala pansi pa chigawo chonse kuti pamene mwadula pasamveke ngati wina watseka chitseko. Mphepo ya mu August imaononga mawu kotheratu, ndipo palibe app imene ingawakonze bwino. Valikani foni sokosi yokhuthala kapena kasiponji, ndipo imani kuseri kwa khoma. Mu October nyenje zimalira masana onse. Nyengo ya mvula, nyumba ya malata iwalani. Kalasi yopanda anthu imabweza mawu chifukwa cha simenti, choncho pachikani mabulangete kumbali imene kamera sikuona. Mukatha shoti iliyonse, wina amvetsere ndi ma headphone pomwepo, osati kunyumba madzulo.

Chithunzi

Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a zala ndiwo amachititsa chithunzi kuoneka ngati chifunga. Foni igone chopingasa, pokhapokha malamulo atanena kuti akufuna yoimirira. Mu ma setting a kamera, kukula kwa vidiyo ikani pa 1080p. 4K ingodzaza foni, kuitenthetsa, ndi kuijamitsa podula. Yatsani flight mode, apo ayi mlongo wako adzaimbiridwa pakati pa shoti yabwino koposa. Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, yendani ndi miyendo. Dinani pankhope ya wosewera osachotsa chala mpaka foni itseke focus ndi kuwala. Mukapanda kutero, chithunzi chizingowala ndi kuda chokha munthu akasuntha. Samalani ndi shati yoyera ya yunifolomu: foni ikaona kuyera imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Yezerani kuwala pankhope, ndipo ngati nkhani ilola, wosewera avale juzi kapena chovala chosawala.

Magetsi athu ndi a 50 Hz. Mukajambula pa 30 fps (zithunzi 30 pa sekondi) pansi pa mababu ena mudzaona mizere ikuyenda pachithunzi. Sankhani 25 fps ngati foni ili nayo. App yaulere ya Android yotchedwa Open Camera imapereka mwayi umenewu pa mafoni amene angathe. Chimene mwasankha, musasinthe mpaka filimu ithe. Panja jambulani dzuwa likangotuluka mpaka cha m'ma 9 koloko, kapena kuyambira 15:30 mpaka lisanalowe. Dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso. M'nyumba, wosewera ayang'ane kuwindo, windo lisakhale kumbuyo kwake, ndipo pepala loyera la manila likhoza kubweza kuwala kumbali yakuda ya nkhope. Ngati mulibe tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), kathumba ka nyemba kapena mchenga pampando kamagwira foni bwino kuposa manja.

Anthu awiri akamacheza, jambulani chigawo chonse katatu: koyamba onse awiri akuoneka ndi malo omwe, kachiwiri nkhope ya uyu, kachitatu nkhope ya uyo. Ganizirani chingwe chomangidwa kuchokera kwa mmodzi kufika kwa mnzake, ndipo kamera ikhale mbali imodzi ya chingwecho nthawi zonse. Mukachidumpha, podula onse awiri adzaoneka akuyang'ana mbali imodzi ngati akulankhula ndi munthu wina. Onjezani tizithunzi ta manja, mphika, mapazi, chitseko. Timeneti timabisa podula. Yambani kujambula masekondi atatu wosewera asanayambe, ndipo musazimitse msanga akamaliza. Jambulaninso zovala ndi tsitsi la aliyense tsiku loyamba, ndipo mnyamata asakamete pakati pa sabata.

Mphindi imodzi ya 1080p imadya pafupifupi 100 mpaka 130 MB pa mafoni ambiri. Kuti mupeze mphindi 5 zabwino mudzajambula mphindi 50 kapena kuposa, ndiye pakhale malo a 8 GB, ndipo madzulo aliwonse kopererani zonse pa flash kapena pa kompyuta ya kusukulu. Musatumizirane mashoti pa WhatsApp monga vidiyo wamba, imawafinya. Tumizani monga document kapena gwiritsani chingwe. Podula, app ya CapCut kapena ya VN imakwana pafoni. KineMaster yaulere imasiya chizindikiro chake pakona, ndipo CapCut imaika kachidutswa kake kumapeto kamene muyenera kufufuta. Nyimbo ya woimba amene mumamukonda ili ndi mwini, ndipo kuno ufulu wa oimba umayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMCOPS. Kulemba dzina lake kumapeto si chilolezo. Ngakhale nyimbo za mu app sizitanthauza kuti mwaloledwa kupita nazo kumpikisano. Mnzanu wa kwaya aimbe yake, kapena wina aize gitala kapena kalimba, alembe pa pepala kuti walola. Osewera akamalankhula, nyimbo itsike kwambiri kapena ichokeretu.

Masabata 6 agaweni chonchi. Sabata loyamba, sindikizani malamulo a mpikisano, muwawerenge mokweza nonse anayi, mulembe sikiripiti. Sabata lachiwiri, yesezani ndi osewera, jambulani chigawo chimodzi chongoyesa mpaka kuchidula, ndipo tengani makalata a chilolezo: a ahedi ngati mukujambula pasukulu kapena ndi yunifolomu, a makolo a aliyense wosakwana zaka 18, a mwini nyumba kapena sitolo. Pamsika monga wa Kapata pemphani kwa oyang'anira msika ndi kwa amene aoneke pachithunzi. Sabata lachitatu jambulani, Loweruka ndi Lamlungu. Sabata lachinayi dulani. Sabata lachisanu onetsani munthu amene sakuidziwa nkhaniyo, inu osanena kanthu, kenako akufotokozereni zimene waona. Pamene wasokonezeka ndi pamene mukajambulenso. Sabata lachisanu ndi chimodzi ndi la ma subtitle ndi kutumiza. Ngati ati mphindi 5, ndiye 5:04 yapitirira.

Za ndalama zimene mumafuna kusonkha zija: kamera ayi. Gulani kamaikolofoni kopanira pakolala, mutaona kaye ngati foni ili ndi kabowo ka headphone kapena USB-C yokha, flash ya 16 GB, bandulo, ndi chakudya cha osewera masiku awiri. Power bank bwerekani. Filimu itulutseni monga MP4. Mukasankha 10 Mbps pa "bitrate" (kuchuluka kwa data pa sekondi) potulutsa, mphindi 5 zimakhala pafupifupi 375 MB. Tumizani kutatsala masiku atatu, ndipo ngati mpikisano ndi wakunja, onani kuti ola lotsekera ndi la kwawo kapena lathu. Mukaika pa Google Drive, sinthani linki ikhale "Anyone with the link", kenako muitsegule pafoni ya munthu wina amene sanalowe mu akaunti yanu, muonere kuyambira poyamba mpaka pa dzina lomaliza.