Kwa achemwali opita ku Malta ndi amayi awo

Achemwali, ndaona funso lanu loti mukupita ku Malta masiku atatu ndi amayi anu amene maondo amawavuta, ndipo mukufuna kudziwa ngati kuli bwino kulipira basi ya alendo kapena kuyenda nokha mumzinda wakale wa Valletta. Ine ndapitako kawiri. Ulendo wachiwiri ndinali ndi azakhali anga, munthu wamkulu woyenda ndi ndodo, choncho nkhani ya maondoyi ndikuidziwa bwino. Ndilemba motalikitsa, mupirire nane.

Choyamba, ngati amayi ali ndi pasipoti ya Malawi, yambani ndi viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Chilolezo chokhalira ku UK sichilowetsa munthu ku Malta. Zina zonse n'zosavuta kwa ife. Chingerezi amayankhula pafupifupi aliyense, galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo mapulagi ndi a mano atatu omwe aja. Ndalama ndi yuro.

Za basi ija, pa Valletta ilekeni. Mabasi akuluakulu salowa m'misewu ya m'kati, ndiye mudzalipira ndalama kenako n'kuyendabe pansi. Mzindawo ndi waung'ono zedi: kuchokera pachipata chachikulu kukafika kumapeto, pa Fort St Elmo, ndi mtunda wa kilomita imodzi basi. Chimene chimatopetsa anthu si kutalika ayi, koma zitunda. Valletta anaumanga pamsana pa phiri lolowa m'nyanja, doko uku, doko uku. Msewu waukulu, Republic Street, umayenda pamwamba pa msanawo, ndipo Merchants Street ili pambali pake. Mukakhala m'misewu iwiriyi amayi sadzavutika kwenikweni. Koma tinjira topingasa timatsetsereka kulowera kunyanja, tina ndi masitepe okhaokha, ndipo miyala yake inachita kusalala ndi mapazi a anthu. Tinjira timeneti muzingotiyang'ana muli pamwamba. Mpomwenso timaoneka bwino, makonde amatabwa obiriwira ndi ofiira atasanjikizana mbali zonse, kumapeto kwake nyanja.

Langizo langa lalikulu ndi ili: musayambe ndi matchalitchi kapena nyumba zosungiramo zakale. Mukalowa pachipata, khoterani kumanja mupite ku Upper Barrakka Gardens. Pali mipando, pali mthunzi, kulowa n'kwaulere. Akhazikeni amayi pamenepo muyang'ane doko la Grand Harbour. Munthu amene sanaone dokoli ali pamwamba sangamvetse chifukwa chimene mzindawu unamangidwira, ndipo zonse zimene adzaone pambuyo pake zidzangokhala miyala.

Mukayang'ana kutsidya mudzaona linga lalikulu lotchedwa Fort St Angelo, ndipo kumbuyo kwake kuli tauni ya Birgu. Kumeneko n'kumene kunkakhala gulu la asilikali achipembedzo lotchedwa Knights of St John. Mfumu Charles V inawapatsa chilumbachi mu 1530, msonkho wake n'kukhala kabawi mmodzi pachaka. Mu 1565 asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey anabwera ndi zombo zambirimbiri kudzalanda chilumbachi. Nthawi imeneyo pamene mwakhalapo panali phiri lopanda nyumba, kupatula linga la St Elmo kumapeto kwake. Lingalo linalimba pafupifupi mwezi wathunthu, n'kugwa pa 23 June, ndipo adaniwo anaika mizinga paphiri lomweli n'kumawombera Birgu. Nkhondo inatha mu September adaniwo atabwerera osapambana. Mtsogoleri wa ma Knights, Jean de Valette, nkhalamba ya zaka pafupifupi 70, anaona kuti wogwira phirili ndiye mwini doko. Mwala woyamba anauika pa 28 March 1566, ndipo mzinda unatenga dzina lake. N'chifukwa chake misewu yake ndi yowongoka ngati mizere ya m'munda. Sunakule pang'onopang'ono ngati midzi ina, anayamba aujambula papepala, katswiri wake Francesco Laparelli wa ku Italy.

Pansi pa mundawo pali mizinga imene amawombera nthawi ya 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo. Muwachenjezeretu amayi, chifukwa kaphokoso kake kamagwedeza chifuwa. Azakhali anga anandigwira dzanja mwamphamvu, koma utsi utatha anati tidzabwerenso 4 koloko.

Pomwepo pali chikepe chotsikira kudoko, mamita 58, ndipo chimenechi ndiye mpulumutsi wa maondo. Mukatsika mudzapeza boti lalikulu lowolotsa anthu kupita kutsidya, komanso timabwato tamatabwa totchedwa dgħajsa. Kwa amayi ndingasankhe boti lalikulu, chifukwa kabwato kamagwedera pokwera. Kuwoloka n'kwa mphindi zochepa, koma mukatembenuka n'kuona makoma a Valletta ali njo kuchokera m'madzi, mudzamvetsa zimene ndikunena. Ku Birgu anthu ndi ochepa, tinjira take ndi topapatiza, azimayi amaika miphika ya maluwa pakhomo. Idyerani nkhomaliro kumeneko.

Tsopano tchalitchi cha St John's Co-Cathedral. Kunja kwake sikukopa maso, kumangooneka ngati linga. Mukalowa mudzasowa chonena. Anachimanga m'zaka za m'ma 1570, ndipo patapita zaka pafupifupi 90 Mattia Preti anajambula denga lonse mbiri ya Yohane M'batizi. Makoma ndi osemedwa n'kukutidwa ndi golide. Koma ine chimene chinandigwira mtima ndi pansi. Pamene mukupondapo ndi manda, miyala ya nsangalabwi yamitundumitundu pafupifupi 400, uliwonse uli ndi dzina la msilikali amene anagona pamenepo. N'chifukwa chake nsapato za gogoda zosongoka saloleza. Mapewa ndi maondo azikhala ophimba, ndiye ponyani chitenje m'chikwama, chidzakuthandizani m'tchalitchi chilichonse pachilumbapo.

M'chipinda cha pambali muli chithunzi chimene katswiri wa ku Italy, Caravaggio, anajambula mu 1608, chosonyeza kudulidwa mutu kwa Yohane. N'chachikulu, mulifupi mwake kuposa mamita 5. Musachithamangire. Pezani poima, maso azolowere mdima wake. Mudzaona mayi wokalamba atagwira mutu wake ndi manja onse awiri, akaidi awiri akusuzumira pazenera, ndipo m'magazi otuluka pakhosi pa Yohane ndi mmene wojambulayo analemba dzina lake. Pa zithunzi zake zonse, ndi chokhachi chimene anasaina. Munthuyu anathawa ku Rome atapha mnzake, ma Knights anamulandira n'kumulowetsa m'gulu lawo, kenako anachitanso ndewu, anamutsekera mu Fort St Angelo muja, n'kuthawira ku Sicily. Mwambo womuchotsa m'gulu anachitira m'chipinda chomwechi, patsogolo pa chithunzi chake. Azakhali anga anaima pamenepo nthawi yaitali osayankhula, kenako anati mayi wokalambayo ndiye yekha amene akumva chisoni.

Pamalipiridwa polowa, ndipo Lamlungu alendo oona malo saloledwa, kumakhala Misa basi. Ulendo wanga woyamba ndinafika Lamlungu osadziwa zimenezi. Ndinalowa n'kupemphera nawo, ndipo sindinadandaule, koma chithunzi chija ndinakachiona mawa lake. Pitani m'mawa akangotsegula, makamaka tsiku limene padoko paima sitima zikuluzikulu za alendo, chifukwa ikamakwana 11 koloko mzere umatalika padzuwa.

Pali chinthu chimodzi chimene oyendetsa alendo amachidutsa mofulumira, koma ine ndikufuna muchidziwe. Chuma chimene chinakongoletsa mzindawu sichinachokere ku mapemphero okha. Ma Knights ankagwira zombo panyanja n'kutenga anthu ukapolo, ambiri Asilamu ochokera kumpoto kwa Africa ndi ku Turkey, ena akuda ngati ife. Akapolowo ndi amene ankapalasa zombo zankhondo, ndipo mu Valletta munali ndende yawo. Ukapolo unathetsedwa mu 1798 Napoleon atalanda chilumbachi. Komanso gulu lomwelo linali ndi chipatala chotchuka, Sacra Infermeria, chokhala ndi wodi yotalika mamita 155, mmene odwala ankadyera m'mbale zasiliva. Zonse ziwirizi zinachitika mumzinda umodzi, ndipo ine ndikamayenda m'misewu imeneyi ndimakumbukira opalasa aja.

Tsiku lachiwiri lipatseni Paulo, chifukwa ndikukhulupirira kuti amayi chimene akufunitsitsa ndi chimenecho. Malta ndi chilumba cha Melita cha pa Machitidwe 28, pamene chombo chinasweka, anthu 276 n'kupulumuka onse, eni dziko n'kuwasonkhera moto, njoka n'kuluma Paulo padzanja osamupweteka. Anakhalapo miyezi itatu. Mu Valletta momwemo muli tchalitchi cha St Paul's Shipwreck, ndipo pa 10 February dziko lonse limakhala pa tchuthi kukumbukira ngoziyo. Tchalitchicho chili kumunsi pang'ono, ndiye muone mmene amayi adzukira tsikulo. Koma malo enieni oti muwatengere ndi Mdina ndi Rabat, pakati pa chilumba. Apa ndiye kwerani basi wamba, imanyamukira panja pa chipata cha Valletta, pafupi ndi kasupe wa Triton.

Mdina ndiye linali likulu lakale ma Knights asanabwere. Ndi kamzinda ka mpanda, kokhala anthu ochepa kwambiri, galimoto zololedwa kulowa n'zowerengeka, ndipo amakatcha mzinda wachete. Kwa munthu wa maondo n'kofewa kuposa Valletta chifukwa n'kosatsetsereka kwambiri. Eni ake amakhulupirira kuti tchalitchi chachikulu cha kumeneko chinamangidwa pamene panali nyumba ya Popliyo, mkulu wa chilumba uja amene bambo ake anachiritsidwa ndi Paulo. Yendani mpaka kukhoma lakumapeto, mudzaona minda ndi midzi mpaka kunyanja. Kutuluka pachipata n'kuwoloka msewu mwalowa kale mu Rabat, kumene kuli phanga limene amati Paulo ankakhalamo. Kutsikira kuphangako kuli masitepe, koma azakhali anga anatsika pang'onopang'ono, n'kukaimba nyimbo yawo ya kumpingo chapansipansi. Manda apansi panthaka otchedwa St Paul's Catacombs ali chapafupi, koma ndi opanikiza ndi okwerakwera, amayi asalowemo.

Mukamamvetsera anthu akupemphera m'chiyankhulo chawo mudzamva akuti Alla. Musadabwe. Chimalta chinachokera ku Chiarabu, ndipo Akatolika a kumeneko Mulungu amamutchula choncho. Muwauzenso amayi kuti dzikoli linalandira ufulu kwa Angerezi mu September 1964, patangopita miyezi iwiri ife titalandira wathu. Mtanda umene uli pa mbendera yawo ndi mendulo ya George Cross, imene Mfumu George VI inapereka kwa anthu onse a pachilumbachi mu 1942 chifukwa cha mabomba amene anawapirira pa nkhondo yachiwiri. Menduloyo ili ku Fort St Elmo, ndipo zipilala zogumuka zimene mudzaone mukangolowa pachipata cha Valletta ndi zotsala za nyumba ya zisudzo imene inaphulitsidwa chaka chomwecho.

Pa zakudya, gulani pastizzi m'timashopu ta m'mbali mwa msewu, tili ndi tchizi kapena nsawawa m'kati, n'totsika mtengo ndipo timakoma tikadali totentha. Nyama yawo yotchuka ndi kalulu wophika ndi adyo, ndipo azakhali anga anangodandaula kuti palibe nsima. Malo odyera a pamsewu waukulu amadula. Ife pamalo ena anatiwonjezera pa bilu buledi amene sitinaitanitse, ndiye muzifunsa mtengo musanadye. Madzi akumwa muziyenda nawo.

Simunanene mwezi umene mukupita. Ngati ndi July kapena August, dzuwa la kumeneko limafanana ndi la ku Chikwawa mu October, ndipo miyala imabweza kutentha. Tulukani 8 koloko, masana amayi akagone, mubwererenso dzuwa likapendeka, pamene makoma onse amasanduka ngati uchi. Tsiku lachitatu musaliikire pulogalamu. Afunseni amayi kumene akufuna kubwereranso. Azakhali anga anasankha mpando womwe uja wa ku Upper Barrakka, ndipo tinakhala pamenepo mpaka magetsi a ku Birgu atayaka.