Kuganizira chabe sikokwanira kuyambira nkhondo

Achimwene, mwafunsa ngati nkoyenera kuthira nkhondo dziko lomwe likungoganiziridwa kuti likubisa zida zopululira anthu. Ine ndikuti ayi. Taonani za Iraq. Saddam Hussein, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, anali wankhanza ndithu, mu 1988 anapha a Kurd ku Halabja ndi mpweya wapoizoni, nchifukwa chake ambiri anakhulupirira Colin Powell, yemwe anali nduna ya America yoona za maiko akunja, atanena ku United Nations mu February 2003 kuti Iraq ikubisa zida zotere. Ngakhale ife pamsika wa Kapata kuno ku Chipata tinkakangana titazungulira wailesi. Koma gulu la United Nations lofufuza zida ku Iraq, lotsogozedwa ndi Hans Blix, linali likufufuzabe, likupempha nthawi. America ndi Britain sanadikire, pa 20 March mabomba anayamba kugwa ku Baghdad. Pofika 2004, ofufuza awo omwe anavomera kuti nkhokwe za zidazo kunalibe.