Kodi Khirisimasi ndi mwambo wachikunja?

Funso: A Mkonzi, alamu anga anasiya kukondwerera Khirisimasi ndipo akuti ife amene timapita kutchalitchi pa 25 Disembala tikupembedza dzuwa mosadziwa. Amatiwerengera Yeremiya 10:2-4, ndime yonena za mtengo wodulidwa m'nkhalango n'kukongoletsedwa ndi siliva ndi golide, n'kumati umenewo ndiwo mtengo wa Khirisimasi. Kodi akunena zoona?
Mayi wodandaula

Yankho: Mayi, alamu anuwo si oyamba kuganiza chomwecho, ndipo zina mwa zimene akunenazo n'zoona. Baibulo silitchula tsiku limene Yesu anabadwa, ndiponso palibe pamene atumwi analamula kuti tsikulo lizikumbukiridwa. Umboni wakale kwambiri wa chikondwerero cha pa 25 Disembala umachokera mumzinda wa Roma m'chaka cha 336, patapita zaka pafupifupi 300 Yesu atapachikidwa. Mwezi womwewo Aroma ankachita phwando la Saturnalia, loyamba pa 17 Disembala, pomwe ankadyerera ndi kupatsana mphatso, ndipo mu 274 mfumu Aurelian inali itapatulira kachisi kwa mulungu wa dzuwa wotchedwa Sol Invictus.

Komabe akatswiri a mbiri yakale sagwirizana kuti tsikuli linatengedwa kumeneko. Ena amati Akhristu oyambirira ankakhulupirira kuti Mariya anaima pa 25 Malichi, ndiye atawerengera miyezi isanu ndi inayi anafika pa 25 Disembala. Mpingo wa ku Armenia mpaka lero umakumbukira kubadwaku pa 6 Januwale.

Kukana Khirisimasi nakonso kuli ndi mbiri yake. Nyumba ya malamulo ya ku England inaletsa chikondwererochi mu 1647, ndipo ku Massachusetts, ku America, lamulo la mu 1659 linkalipiritsa aliyense wopezeka akukondwerera. Masiku ano a Mboni za Yehova ndi amene amadziwika kwambiri pa nkhaniyi.

Pamene sindikugwirizana ndi alamu anu ndi pa Yeremiya. Werengani mpaka vesi 5: mneneriyo akunena za chinthu chosemedwa ndi mmisiri, chokhomeredwa ndi misomali kuti chisagwe, chimene amachita kuchinyamula popeza sichingayende. Limenelo ndi fano limene anthu ankaligwadira. Mtengo wa Khirisimasi unayamba kufala ku Germany m'zaka za m'ma 1500, ndipo ngakhale munthu angaukane pa zifukwa zina, kuugwirizanitsa ndi ndimeyi n'kukakamiza lemba kunena zimene silikunena.

Nkhani yagona pa funso ili: kodi chinthu chimene akunja anachigwiritsapo ntchito chimakhala chodetsedwa mpaka kalekale? Paulo anakumana ndi vuto lofananalo ku Korinto, kumene nyama yoperekedwa nsembe kwa mafano inkagulitsidwa pamsika. Pa 1 Akorinto 10:25-29 anauza okhulupirira kuti adye osafunsa, koma asadye ngati wina wawauza kuti ndi yansembe, poganizira chikumbumtima cha munthuyo. Pa Aroma 14:5-6 ananenanso kuti wina amalemekeza tsiku lina kuposa linzake, wina amaona masiku onse kukhala ofanana, ndipo aliyense akhale wotsimikiza mumtima mwake.

Choncho ine ndikuona kuti mukamapita kutchalitchi kukakumbukira kubadwa kwa Khristu simukupembedza dzuwa, chifukwa kupembedza kumafuna kuti mtima udziwe amene ukumugwadira. Alamu anu nawonso sakulakwa pokhala kunyumba tsikulo. Musawaumirize kubwera kuphwando kapena kulandira mphatso; ngati mukufuna kuwapatsa kanthu, sankhani mwezi wina, ndipo muwapemphe mwaulemu kuti nawonso asamauze ana anu kuti makolo awo ndi opembedza mafano.