Za kavayolini ka bokosi, kuyankha asuweni

Eee, asuweni, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndauona. Ndati ndingolankhula, zala zangazi zili ndi guluu, foni ingamatirire. Mwafunsa kuti kachinthu ndinaika pa status kaja kamadya ndalama zingati kuti munthu akapange. Hmm. Inuyo asuweni, munayamba liti kufunsa mitengo ya zoimbira? Inu amene kukwaya anakupemphani kuti muzingoomba m'manja? Ayi, ndikucheza, musakwiye akazi anga.

Chabwino. Ndalama zake si zambiri. Bokosilo anangondipatsa pa shopu ina ya fodya kuno ku Johannesburg. Ndi mabokosi aja amaikamo ndudu zonenepa zija za cigar, nduduzo zikatha bokosi limangokhala. Thabwa lake ndi lopyapyala, lopepuka, ukalitsegula limanunkhira bwino. Khosi lake ndinasema mwendo wa tebulo lothyoka. Zogula zinali nsambo zinayi ndi utomoni wopaka pa uta, basi. Ndipo musaganize kuti ndayambitsa ndine. Ku America zinayamba kalekale. Kuli chithunzi chojambulidwa ndi Edwin Forbes, chinatuluka mu 1876, msilikali wa pa nkhondo yawo yapachiweniweni ija ya 1861 mpaka 1865 atakhala pa tenti akuliza vayolini ya bokosi lomweli. Munthu analibe ndalama ya yeniyeni, anatola chomwe chinali pafupi, monga tinkachitira ife ndi zigaloni zamafuta.

Koma imani kaye. Mukuwakumbukira amalume, bambo anu aang'ono aja? Kaligo wawo uja mumamukumbukira? Inu mwina munali wamng'ono... ayi ndanama, munalipo, chinali chaka chija tinakhala tonse kwa agogo. Munalipo ndithu, munkathawa akatulutsa chikopa cha ng'anzi.

Ine ndinkakhala nawo pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Ankatenga kachipika, n'kukaboola mkati mpaka kukhala ngati kamtondo, kenako n'kukuta kukamwa kwake ndi chikopa chija chikadali chonyowa, n'kukhomerera ndi tizikhomo tansungwi kuzungulira. Chikauma ankachiyandikiza kumoto, osati pafupi kwambiri, n'kumachigogoda ndi chala uku atapendeketsa mutu. Tuu, tuu. Akamva kuti sichinafike, abwezanso kumoto. Nsambo inali imodzi yokha, waya wa mabuleki a njinga, ankamasula chingwe chija n'kusolola kamodzi. Uta wake kamtengo kopinda ndi mlaza. Tsiku lina anati, gwira apa mphwanga, usasiye. Iwo akupotokola chikhomo, akupotokola, waya uja thaa! Unandidula pa chala chachikuluchi, chipsera chilipo mpaka lero. Ine kulira. Iwo anang'amba kansalu, kundimanga, kenako n'kundipatsa waya wina m'manja momwemo, akuti tiye timalize. Ndipo tinamaliza usiku womwewo. Atangokwecha koyamba, agogo aakazi anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja, anangoima pakhomo osanena kanthu.

Chimene simukuchidziwa mwina ndi ichi. Kaligo wawo woyamba, ali mnyamata, agogo aamuna anamuponya pamoto. Nkhani yake inali ya waya womwewo, anamasula pa njinga ya agogo, agogo n'kukagwa nayo potsetsereka paja popita kuchigayo. Kulakwa analakwadi. Koma agogo sanangowakwapula, anatenga kaligoyo n'kumuika pamoto iwo akuona, akuti zoimbaimba ndi za anthu a mowa. Amalume anandiuza okha zimenezi, tili awiri. Anati kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso pansi kucheza ndi bambo awo, moni yekha basi, mpaka anakwera ya Wenela, kupita ku migodi ya ku Joni. Anabwerako nthawi ija boma linaletsa anthu kupita ku migodi, itagwa ndege ku Francistown mu 1974. Anabwera ndi bulangete, wailesi, sutikesi yachitsulo ija munkabisamo zidole zanu. Koma sabata yoyamba yomweyo, anthu akubwera kudzaona wailesi, iwo anali kudambo kusaka ng'anzi. Zaka zonsezo chinthucho chinali chikadali mumtima.

Pamaliro awo palibe analiza kalikonse. Kaligo uja tinakamupeza patsindwi la khitchini chiswe chitamudya, kutatsala waya ndi chikhomo. Aaa. Chikhomocho ndili nacho kuno, chili mu kabati. Pepani, ndikumwa madzi kaye.

Eee, ndimati chiyani... za kapangidwe. Zovuta zake ndi ziwiri zokha. Choyamba muyeso. Kuchokera pomwe nsambo zimayambira kumutu kufika pa kathabwa kozinyamula kaja pakhale masentimita 33, monga vayolini yeniyeni, apo ayi zala zimasochera. Chachiwiri, mkati mwa bokosi mumaima kamtengo kakang'ono ngati pensulo, kogwira pamwamba ndi pansi, pafupi ndi phazi la kathabwa kaja, mbali ya nsambo yaing'ono. Sikamatidwa ndi guluu, kamangopanikizika. Ine koyamba ndinakaiwala, ndiye mawu ankatuluka ofooka ngati munthu wachimfine, chivindikiro n'kuyamba kulowa mkati. Nditakaika, kudzera pa kabowo, ndi waya wopinda, usiku wonse ndikulimbana nako, ndinangomva bokosi lonse layamba kunjenjemera pachibwano. Nsambo zimamangidwa G, D, A, E. Uta ukapanda utomoni sulira, umangotsetsereka. Enieni amagwiritsa ubweya wa kumchira kwa hatchi, koma ulusi wowedzera nsomba woonda uja, ukaupala pang'ono ndi sandipepa, umagwira.

Ndiye asuweni, tiyeni tinene zoona. Inu simukufuna kupanga vayolini. Achemwali anandiuza za mnyamata wanuyo. Anandiuza kuti wadula zigaloni ziwiri, kuti anamasula waya pa njinga ya bambo ake, kuti banjo yake munaibisa pansi pa bedi mpaka mayeso a Sitandade 8 adutse, ndipo bambo ake akuti aiswa. Mwafunsa mtengo chifukwa mukuganiza kuti mwina mumugulire yabwino ya m'sitolo akakhoza, nkhani ithe. Ndikunama?

Mubwezereni banjo yakeyo. Ndi zimene ndimafuna kunena kuyambira poyamba paja. Musagule kanthu, musadikire mayeso, mutulutsireni pansi pa bedipo. Za waya wa njinga mulangeni, agwire ganyu agule wina, zimenezo n'zoyenera. Za sukulu muikireni nthawi, awerenge kaye, akamaliza alize. Koma chinthu chimene mwana wapanga ndi manja ake, wayeza yekha, wadzicheka nacho, chisaswedwe iye akuona. Ya m'sitolo sangaikonde ngati imeneyo. Mwana amene akudziwa kuti waya akamangika kwambiri mawu amakwera, ameneyo mutu wake ukugwira ntchito. Onani anyamata a Madalitso Band, anayambira m'misewu ya mu Lilongwe ndi babatoni, chibezi chachikulu cha nsambo imodzi, wopanga okha, lero akuimba ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, waya mmodzi, kamtengo ndi botolo. Sindikunena kuti wanuyo akafika kumeneko, mwina adzakhala kalipentala, mwina adzasiya chaka chamawa. Ine changa n'chakuti asadzakhale ngati amalume ndi agogo, nyumba imodzi moni yekha.

Alamu anga muwamvetsere uthengawu, musawabisire. Kapena ayi, poyambirira paja ndakutchulani akazi anga, angandidikirire ndi chibonga pa Mwanza. Muwamvetsere kuyambira pa amalume.

Mu Disembala ndikubwera ndi mabokosi awiri, lina langa lina lake, ndi nsambo ndi utomoni. Khosi akasema yekha, ine ndizingoyang'ana. Chikhomo cha amalume chija ndibweretsanso, tikaone ngati chingalowe. Koma asuweni, banjo ija mumubwezere lero, asanagone. Mukatero mumuuze alize pang'ono, mujambule munditumizire, ndimve mmene anamangira mawaya ake.