Bowa wa m'botolo: kodi amathandizadi munthu woiwalaiwala?

Mayi wina wophunzitsa ku Ulongwe wandilembera imelo. Akuti masiku ano akumaiwala pamene aika makiyi, tulo sakupeza, mtima sukukhazikika. Mnzawo wawauza za makapisozi a bowa wotchedwa lion's mane amene munthu wina amabwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Akufunsa ngati agule.

Mayi, bowa ameneyu ndi wina, wosiyana ndi utale kapena ndelema amene timagula m'mbali mwa msewu wa ku Calómuè nthawi ya dzinja. Amamera pamitengo ku Asia, Ulaya ndi North America, woyera, wamanyenje ngati ndevu za agogo. Muli timankhwala timene mu labotale taonetsa kuti timathandiza minyewa kukula. Koma labotale ndi mutu wa munthu ndi zinthu ziwiri.

Kafukufuku amene ogulitsa amakonda kutchula anachitika ku Japan ndipo anatuluka mu 2009. Munali anthu 30 okha, a zaka 50 mpaka 80, amene anali atayamba kuiwala. Ena ankamwa magalamu 3 patsiku kwa masabata 16, ndipo anakhoza bwino mayeso a kukumbukira kuposa anzawo. Atasiya, patangopita mwezi, zinayambanso kutsika. Wina wa mu 2010 anadyetsa azimayi 30 mabisiketi a bowayu kwa masabata anayi, ena n'kunena kuti nkhawa yachepako. Anthu 30, Mayi! M'kalasi mwanu mumakhala ana ochuluka kuposa pamenepo.

Mumvanso za mitundu ina ya bowa, reishi ndi cordyceps. Reishi ndiye ndimamuopa: amatha kuchedwetsa magazi kuundana komanso kutsitsa BP, ndiye ngati muli kale pa mankhwala, musamwe musanafunse adokotala. Ndipo chonde musakathothole bowa wouma gwa wa pachitsa uja poganiza kuti ndi yemweyo.

Za m'botolomo nazonso n'zokayikitsa. Makapisozi ambiri amapangidwa ndi ulusi wa bowa womeretsedwa pa mpunga, n'kupera zonse pamodzi, moti mwina mugula ufa wa mpunga pamtengo wa feteleza.

Ine ndikanakhala inu, ndalamayo ndikanaisunga kaye. Kusagona pakokha kumaiwalitsa zinthu, chimodzimodzi kuchepa magazi ndi matenda a shuga. Pitani kuchipatala akuyezeni zimenezi pamodzi ndi BP, ndipo za mtima wosakhazikikawo muwauze momwe mwandiuzira ine.