Za zopereka za laibulale ndi msonkho

Achimwene, mwafunsa ngati amalonda a ku Ulongwe angachepetseredwe msonkho akapereka ndalama ku laibulale yanu ya mamembala. N'zotheka, chifukwa kuno ku Mozambique tili ndi lamulo la mu 1994 lotchedwa Lei do Mecenato, lomwe limalimbikitsa zopereka za maphunziro ndi chikhalidwe. Koma musawalonjeze kanthu gulu lanu lisanalembetsedwe kuboma.

Yambani ndi kulembetsa ngati bungwe losafuna phindu, mutenge NUIT yake (nambala ya msonkho) ku Autoridade Tributária (nthambi ya boma yotolera msonkho), mutsegule akaunti m'dzina la bungwelo. Ndalama zikamalowa pa M-Pesa ya msungichuma, wamalonda alibe choonetsa pa IRPC yake (msonkho wa phindu la kampani), komanso mpamene miseche imayambira. Risiti iliyonse ikhale ndi NUIT ya wopereka ndi ya bungwe.

Ndalama za umembala muzilembe padera. Membala amalipira kuti abwereke mabuku, ndiye si mphatso ayi.

Langizo langa n'lakuti musadalire kwambiri za msonkhozi. Alimi ambiri a ku Angónia sadzafunsa n'komwe za IRPS (msonkho wa ndalama zimene munthu amapeza). Apezeni akangogulitsa mbatatesi ndi chimanga, muwaonetse mabuku amene ana awo akuwerenga. Ena adzapereka matabwa a mashelefu, alandireni ndi manja awiri.